Zithunzi zotambalala za mapiri a Dedza: mmene ntchito ikuyendera

Ntchito yomwe tili nayo ndi yojambula zithunzi zisanu ndi chimodzi zotambalala, zija ena amati panorama, za mapiri ndi zigwa za Dedza ndi kumpoto kwa Ntcheu. Chilichonse chidzasindikizidwa masentimita 150 m'litali ndi 50 m'lifupi. Malo ake ndi awa: pamwamba pa phiri la Dedza moyang'ana kunyanja, phiri lomwelo moliona kuchokera m'tauni, Chongoni kuchokera cha ku Chencherere, Mphunzi, mtsetse wa Khwekhwerere moyang'ana ku Golomoti, ndi minda ya cha ku Lizulu.

Tinagwirizana lamulo limodzi: chithunzi chilichonse chikhale choti munthu wina, patapita zaka khumi kapena makumi awiri, athe kuima pomwe sitandi yathu ya miyendo itatu yoikapo kamera inaima n'kujambulanso chimodzimodzi. Mitengo m'mapiri muno ikutha tonse tikuona, ndipo chithunzi chomwe malo ake sadziwika sichingathandize aliyense kuyerekeza za kale ndi za lero. N'chifukwa chake m'zolembazi muli manambala ambiri.

Malichi, sabata yachitatu: zida ndi masamu

Kamera ndi ya sensa (kachipangizo kolandira kuwala m'malo mwa filimu) ya kukula kotchedwa APS-C, mamegapikiselo 24, kutanthauza mapikiselo 6,000 mbali yayitali ndi 4,000 mbali yayifupi. Lenzi yomwe igwire ntchito yambiri ndi ya 35mm. Pa sensa imeneyi imaona madigiri 37 mbali yayitali ndi 25 mbali yayifupi. Kamera timayiimika chilili pa bulaketi ya L, osati chogona, kuti mapikiselo 6,000 aja agwire kuchokera pansi kufika kumwamba. Utali wa chithunzi udzachokera m'kuchuluka kwa zidutswa, zithunzi zojambulidwa motsatizana potembenuza kamera n'kuzisokera pamodzi pa kompyuta.

Chidutswa chilichonse chimagwira madigiri 25. Tikamatembenuza madigiri 15 pakati pa chidutswa ndi chinzake, madigiri 10 amalowana, monga malata amasanjikizirana padenga kuti lisadonthe. Zidutswa 7 zimapereka madigiri 115. Tikadula m'mphepete timatsala ndi mapikiselo pafupifupi 16,500 ndi 5,500, pomwe kusindikiza masentimita 150 ndi 50 pa mapikiselo 240 pa inchi kumafuna 14,200 ndi 4,700 okha. Podulira palipo pokwanira. Ena amalowanitsa pang'ono kwambiri pofuna kuti khadi ya kamera yosungira zithunzi isadzadze msanga, koma kuumira kumeneko n'kopanda phindu. M'mphepete mwa lenzi ndi momwe mumakhala kamdima ndi kupindika, ndipo pulogalamu yosokera ikasowa nsalu yopindira imasiya msoko poyera.

Muyeso wa 3 kwa 1 unatchuka ndi makamera a filimu a masentimita 6 ndi 17, omwe mpukutu umodzi wa filimu ya 120 unkatulutsa zithunzi zinayi zokha. Tausunga chifukwa chithunzi chikatalika kuposa apo chimasanduka lamba, phiri n'kuoneka ngati chulu.

Sabata ino yatha ndi kupeza poti kamera izizungulirapo. Kamera ikamangidwa pasitandi ndi bauti ya pansi pake, diso la lenzi limakhala kutsogolo kwa msomali wozungulirapo, ndiye mukatembenuza disolo limasuntha. Likakhala masentimita 6 kutsogolo, kutembenuza madigiri 15 kumalisuntha sentimita imodzi ndi theka. Mwala womwe uli mamita atatu kuchokera pasitandi umasemphana ndi phiri la kumbuyo kwake ndi mapikiselo pafupifupi 47, ndipo palibe pulogalamu ingabise zimenezo. Chinthu cha pa mamita 100 chimasemphana ndi pikiselo imodzi ndi theka, zosaoneka. Choncho vutoli ndi la zinthu zapafupi, koma m'mapiri muno miyala ndi tsekera zimakhala pamapazi pomwe.

Kayesedwe kake n'kosavuta. Zikani nsungwi ziwiri, ina pa mita imodzi ndi theka, ina pa mamita 10, kuti yapafupi ibise yakutali pakati pa chithunzi. Tembenuzirani kamera kumanja. Nsungwi yapafupi ikatulukira kumanzere kwa yakutali, bwezani kamera m'mbuyo pa kanjanji, kachitsulo ka pasitandi komwe kamera imatsetserekapo kutsogolo ndi m'mbuyo. Ikatulukira kumanja, mwabweza mopitirira. Pitirizani mamilimita awiriawiri mpaka nsungwi zizibisanabe m'mphepete monse muwiri. Pomwe zagwirizana talembapo kamzere ka penti yoyera, chifukwa m'bandakucha manambala a pa kanjanji saoneka. Lenzi ya zumu imafuna kamzere kakekake pa utali uliwonse.

Levulo ndi nkhani ina. Chofunika kukhala pa levulo ndi chimbale chozungulira, osati kamera yokha. Mukawongola kamera pamwamba pa chimbale chopendekeka, chidutswa choyamba chimaoneka bwino koma chachisanu ndi chiwiri chimakhala chitatsetsereka. Digiri imodzi yokha ndi mapikiselo 160. Kathovu koonetsa levulo ka pasitandi yathu kanapezeka kuti kamanama pang'ono titakayerekeza ndi levulo yaying'ono ya amisiri omanga, ndiye levulo imeneyo yalowa m'chikwama.

Epulo, sabata yachiwiri ndi yachinayi: pamwamba pa phiri la Dedza

Nsonga ya phirili ili pa mamita 2,198, pomwe nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 474. Mukuyang'ana pansi mamita 1,700, kudutsa mpweya wa makilomita 30 kapena kuposa. Mpweya umenewo ndi womwe umalamula ngati chithunzi chituluke. Epulo ndi Meyi ndi miyezi yabwino: mvula yatsuka fumbi, moto wa m'tchire sunayambe, ndipo mapiri akadali obiriwira.

Phirili ndi nkhalango ya boma, choncho tinayamba tadziwitsa a zankhalango. Kukwera wapansi ndi katundu kumafuna maola awiri kapena kuposa. Kumapeto kwa Epulo dzuwa limatuluka cha m'ma 5:50, pa madigiri 77 pa kampasi, ndiye sitandi iyenera kukhala itaima pofika 5:15. Kuno kukayamba kuyera sikuchedwa. Nthawi yabwino ndi mphindi 20 dzuwa lisanatuluke, nyanja ikamaoneka ngati lamba wowala pansi pa thambo. Likangotuluka limalowa mu lenzi n'kusiya mabala obiriwira m'zidutswa zitatu zapakati.

Ulendo woyamba sunapindule. Chifunga chinadzadza chigwa chonse ndipo chinakwera kutiphimba 6 koloko isanakwane. Tinagwiritsa ntchito tsikulo kusankha poimika sitandi ndi kulemba khadi ya malo.

Khadi imeneyi ndi mtima wa ntchito yonse. Pamalembedwa manambala a GPS, msinkhu kuchokera pansi kufika pakati pa lenzi, womwe tauika pa masentimita 150 malo onse, lenzi yake, nthawi, nyengo, ndi chinthu chosasuntha chomwe chili m'mphepete mwa kumanzere mwa chidutswa choyamba. GPS ya foni imaphonya ndi mamita angapo, choncho timayezanso ndi tepi mtunda wochokera pa miyala iwiri ikuluikulu kufika pakati pa sitandi, n'kujambula miyendo yake pomwe yaponda. Mtengo si chizindikiro, mawa ukhoza kukhala makala. Kampasi ya foni nayo siyodalirika pafupi ndi zitsulo za nsanja za mawailesi zomwe zili pamwambapa, ndipo inkapereka manambala osiyana tikasuntha mapazi ochepa.

Ulendo wachiwiri unali m'mawa wotsatira mvula ya usiku. Mpweya unali mbee, mapiri a tsidya la nyanja akuoneka. Makonzedwe a kamera anali motere, ndipo ndi omwe tikutsata malo onse. Zonse ndi zapamanja. ISO (mphamvu ya sensa yolandira kuwala) pa 100, kabowo ka lenzi pa f/8, mafayilo a RAW omwe kamera sinawakonze. Mtundu wa kuwala tinaukhoma pa 5,500 K, chifukwa kamera ikamadzisankhira imapereka thambo lofiirira kuchidutswa china ndi lobuluu kuchinzake. Fokasi tinayiika pa mtengo wa patali mamita ngati 20, kenako n'kuzimitsa otofokasi ndi kumata mphete yake ndi kaselotepi. Mabuku amati pa 35mm ndi f/8 fokasi ya pa mamita 7.7 imagwira kuyambira mamita 3.8 mpaka kumapeto, koma masamu amenewo ndi a zithunzi zazing'ono. Pa pepala la mita ndi theka mapiri akutali amaoneka ofewa. Kutseka mpaka f/16 sikuthandiza, kumafewetsa chithunzi chonse.

Kuyang'ana kum'mawa m'bandakucha kumatanthauza thambo lowala ndi nthaka yakuda. Chidutswa chilichonse tinachijambula katatu: pa kuwala kwapakati, moderako ndi masitopu awiri, ndi mowalako ndi masitopu awiri (sitopu imodzi ndi kuwirikiza kawiri kapena kudula pakati kuwala kolowa). Zidutswa 21 pa ulendo umodzi wotembenuza, lomwe ndi gulu limodzi, ndipo tinatembenuza kanayi. Poyamba ndi pomaliza timajambula chikhatho kutsogolo kwa lenzi, kuti pa kompyuta gulu lililonse lizidziwika pomwe layambira.

Mphepo inawononga gulu limodzi. Pa 1/15 ya sekondi, kugwedezeka kwa pang'ono kumaoneka. Chikwama chopachikidwa pansi pa sitandi chimathandiza pokhapokha chikamakhudza pansi; chikamalendewera chimasanduka katungwe n'kuwonjezera vuto. Lamba wa kamera achotsedwe, mzati wapakati usakwezedwe, chokhazikitsa chithunzi cha mu lenzi chizimitsidwe, ndipo batani lidinidwe ndi taima ya masekondi awiri. Magulu atatu ndi abwino.

Meyi, sabata yachiwiri: Khwekhwerere

Msewu umapatuka pa M1 pa Masasa n'kutsika mokhotakhota mpaka ku Golomoti. Kuchokera m'makona apamwamba mumaona chigwa cha Bwanje, mzere wa njanji ndi nyanja chapatali. Poimika galimoto pasankhidwe mosamala, pamalo owongoka pomwe oyendetsa akuonerani patali, chifukwa malole amatsika atalemedwa ndipo m'makona mulibe pothawira.

Pa 35mm midzi ndi minda ya m'chigwa zinkangooneka ngati timadontho. Tasintha n'kuika 70mm, yomwe ikaima chilili imagwira madigiri pafupifupi 13 m'mbali ndi 19 chokwera. Kutembenuza madigiri 8, zidutswa 12 pa mzere, mizere iwiri yosiyana madigiri 12, zonse 24. Zimatenga mphindi ziwiri munthu akazolowera.

M'mphindi ziwirizo mthunzi wa mtambo umayenda mtunda wautali. M'gulu loyamba munda umodzi uli padzuwa mumzere wapamwamba ndipo uli pamthunzi mumzere wapansi. Njira yomwe yathandiza ndi yojambula chokwera ndi chotsika, pamwamba kenako pansi pa malo amodzi, tisanatembenuze, m'malo momaliza mzere wonse kaye. Zidutswa zoyandikana zimasiyana masekondi ochepa okha. Gulu lililonse timalibwereza, kamodzi kuchokera kumanzere, kamodzi kuchokera kumanja.

Nthawi ya tsiku inavuta kuposa zida. M'mawa mukuyang'anizana ndi dzuwa. Masana chigwa chimatentha ndipo mpweya umachita kunjenjemera, moti pa 70mm madenga ndi mitengo zimaoneka ngati zili pansi pa madzi. Zimenezi palibe chochita nazo pa kompyuta. Madzulo kuwala kumakoma, koma mtsetsewo umaponya mthunzi wake m'chigwa, ndipo mthunziwo umathamanga dzuwa likamapendeka. Tinakhala masiku atatu tikulemba pomwe wafika mphindi 15 zilizonse. Mpata wabwino pa malo athu ndi pakati pa 3:30 ndi 4 koloko: kutentha kwatsika, mithunzi ya mitengo yatalika mokwanira kuonetsa mizere ndi makwawa, ndipo mthunzi wa phiri ukadali m'munsi mwa chithunzi. Tinajambula pa 1/250, f/8.

Meyi, sabata yachinayi: Lizulu

Apa vuto ndi zoyenda. Minibasi, akabaza, amayi osenza kabichi ndi kachewere kupita kumsika, mbuzi. Chilichonse chikagwera pamsoko chimaduka pakati kapena kuoneka kawiri. Chidutswa chomwe muli msewu timachijambula katatu kapena kanayi tisanatembenuze, kuti posoka tidzasankhe. Munthu woyenda akhale pakati pa chidutswa, asakhale m'madigiri 10 olowana aja. Anthu omwe nkhope zawo zingadziwike tawapempha kaye.

Msewu wa M1 pamenepa ndi malire. Kuwoloka kokha muli ku Mozambique. Sitandi yaima mbali ya Malawi, moyang'ana phiri la Mlanda, ndipo sitinaloze kamera kulikonse komwe kuli apolisi kapena ogwira ntchito zamalire.

Juni: Chongoni ndi Mphunzi

Dera la Chongoni linalembedwa ndi UNESCO m'chaka cha 2006 ngati chuma cha dziko lonse lapansi, ndipo muli malo 127 a zojambula za pamiyala. Zofiira n'za Akafula, zoyera n'za Achewa, zokhudza chinamwali ndi gule wamkulu. Ife tikujambula mapiri ake, koma kuima pafupi ndi mapanga kumafuna chilolezo cha oyang'anira zakale ndi munthu wotiperekeza. Pamiyala imeneyi sitilembapo chizindikiro cha sitandi, ngakhale ndi choko. Tepi ndi khadi n'zokwanira. Ndipo anzathu, za kuthira madzi pa zojambula kuti ziwale mu kamera, chonde ayi. Penti yoyera ija ndi dothi, imasungunuka, ndipo ikapita yapita.

Chithunzi chotambalala chimameza zinthu zomwe wojambula sanaganizire. Madigiri 115 akhoza kutenga manda kapena dambwe mosadziwa, chifukwa patali zimangooneka ngati kankhalango kokongola pakati pa minda, ndipo nthawi zambiri ndi komwe mitengo yachilengedwe yatsala. Mudzi uliwonse tayamba tafika kwa amfumu, kupereka moni, n'kunena kuti: "Gogo, tabwera kudzapempha malo oimikapo kamera, ndiponso mutiuze komwe sitiyenera kuloza." Akati uko ayi, ana anga, nkhani yathera pomwepo. Ku malo amodzi tasuntha chidutswa choyamba madigiri 20 kumanja pa chifukwa chimenechi, ndipo khadi ikunena zimenezo kuti wodzabwera pambuyo asadzalakwitse.

Kuzizira kwa Juni kwaonetsa zofooka za zida. Batire lomwe limatha tsiku lonse mu Epulo likufooka msanga m'bandakucha. Lachiwiri lizikhala m'thumba la mkati mwa jekete. Mame amagwera pa galasi la lenzi mwakachetechete, ndipo pa sikirini yaying'ono simuona kuti chithunzi chachita nkhungu. Gulu limodzi la ku Chencherere zidutswa zake zinayi zomaliza n'zotuwa. Tsopano chipewa cha lenzi sichichoka, ndipo galasi timaliunika ndi tochi gulu lililonse lisanayambe. Potsika, kamera ilowe m'chikwama chotseka isanalowe m'galimoto yofunda, apo ayi thukuta limagwira mpaka mkati. Chiperoni chinadya masiku asanu otsatizana.

Ku Mphunzi tinalakwitsa poyesa fyuluta ya polarizer, kagalasi koika kutsogolo kwa lenzi, pofuna kudetsa thambo. Fyulutayi imagwira kwambiri pa madigiri 90 kuchokera komwe kuli dzuwa, n'kumachepa mphamvu mbali zonse ziwiri. Pa chidutswa chimodzi zimaoneka bwino. Zikasokedwa, thambo limakhala ndi chigamba chakuda pakati ngati banga la mafuta pa nsalu. Tinabwererako popanda fyuluta.

Chithunzi cha phiri la Dedza kuchokera m'tauni tachiimitsa. Miyezi ino dzuwa limatuluka pa madigiri 66, limadutsa kumpoto, ndipo masana silikwera kuposa madigiri 52. Nkhope ya phiri yomwe imayang'ana tauni imakhala mumthunzi pafupifupi tsiku lonse, paini ndi miyala zonse n'kukhala mdima umodzi. Dzuwa lidzayamba kutulukira kum'mwera kwa kum'mawa kumapeto kwa Sepitembala, koma nthawi imeneyo kudzakhala utsi. Tidikira mvula.

Julayi: kusoka

Tikugwiritsa ntchito Hugin, pulogalamu yaulere. PTGui imathamanga kuposa apo koma ndi yogula. Dongosolo lake ndi ili. Mafayilo a RAW a gulu limodzi amakonzedwa mofanana ndendende, kamdima ka m'makona a lenzi kachotsedwe, kenako atulutsidwe ngati TIFF ya mabiti 16. Kamdimako kakasiyidwa, thambo limatuluka ndi mizere yowala ndi yodera mosinthana, mzere umodzi pa chidutswa chilichonse. Kunola chithunzi kudikire mpaka kumapeto.

Kachitsotso ka pa sensa kanatipatsa ntchito. Kali pa malo amodzi m'zidutswa zonse, ndiye m'thambo la Mphunzi kanatuluka kasanu ndi kawiri pa mzere wowongoka, motalikirana mofanana. Kafafanizidwe m'zidutswa musanasoke. Ulendo uliwonse usanayambe, jambulani thambo loyera pa f/16 n'kuyang'ana.

Pulogalamu imafunafuna timadontho tofanana m'zidutswa zoyandikana. Imakonda kutiika pa mitambo ndi pa udzu, zinthu zomwe zinasuntha pakati pa chidutswa ndi chinzake. Timeneto timatichotsa n'kuika tathu pamanja, pa nsonga za miyala, ngodya za madenga ndi mapolo, timadontho 8 mpaka 10 pa msoko uliwonse, tomwazikana kuchokera pansi kufika pamwamba. Kusemphana kukatsika pansi pa mapikiselo awiri, msoko suoneka. Pa chithunzi cha m'bandakucha, zidutswa zomwe muli thambo ndi madzi okhaokha zinalibe pogwira, ndipo apa kutembenuza madigiri 15 enieni kunatipulumutsa: tinangolemba manambalawo pamanja.

Kayalidwe ka zidutswa posoka tasankha ka cylindrical, kongati kuzimata m'kati mwa mgolo n'kuutambasula. Ka rectilinear kamasunga mizere yowongoka, koma kupitirira madigiri 100 kamakoka m'mphepete, phiri la kumapeto n'kunenepa kuposa mmene lilili. Pa ntchito yoyerekeza zaka, kukula kwa phiri kusanamizidwe. Nyanja ikaoneka yopindika ngati uta, ndiye kuti pulogalamu yaika pakati pa chithunzi pamwamba kapena pansi mopitirira. Lozani timadontho tiwiri totalikirana pa mzere wa madzi n'kuiuza kuti n'topingasa.

Fayilo imodzi yomalizidwa, mapikiselo 16,500 ndi 5,500 pa mabiti 16, imalemera mamegabaiti pafupifupi 545. Ya Khwekhwerere ndi yoposa apo kangapo. Laputopu ya RAM ya magigabaiti 8 imatha koma imachedwa, ndipo magetsi akazima pakati ntchito imayambiranso, choncho fayilo ya polojekiti isungidwe mukangomaliza timadontho. Zonse zili pa mahadi diraivi awiri osungidwa m'nyumba ziwiri zosiyana, pamodzi ndi zithunzi za makhadi a malo.

Pa zokongoletsa tagwirizana kuti tisapitirire. Kuwala ndi mdima tikonza. Chitsa, ng'anjo ya makala, munda wokwera m'phiri, nsanja za mawailesi, zonse zikhale mmene zilili. Wina akadzachotsa chitsa lero kuti chithunzi chikome, wodzayerekeza mawa adzawerenga mitengo yabodza.

Ogasiti mpaka Okutobala

Palibe chojambula chatsopano cholowa m'gulu la zisanu ndi chimodzi. Moto wa osaka mbewa, kusosa, mauvuni a njerwa ndi fumbi zatseka mpweya. Pamwamba pa phiri nyanja siikuonekanso, ndipo masiku ena ngakhale Chongoni amangooneka chizimezime. Batani la dehaze, lochotsera chizimezime pa kompyuta, limabweza pang'ono, koma likakwezedwa limadetsa thambo ndi kutulutsa timchenga m'mapiri akutali. Komabe tabwerera pa malo atatu n'kujambula ndi makhadi m'manja, wojambula wina osati yemwe analemba, pofuna kuyesa ngati makhadiwo akugwira. Awiri anagwirizana bwino ndi zithunzi zoyamba. La Mphunzi linaphonya chifukwa mwala womwe unalembedwa kuti "waukulu" ulipo wina wofanana nawo pafupi. Khadi lalembedwanso, ndipo tawonjezera chithunzi cha mwalawo munthu ataugwira.

Novembala: kusindikiza koyesa

Pepala la mpukutu wa mainchi 24, omwe ndi masentimita 61, limakwana chithunzi cha masentimita 50 ndi mpata wa masentimita 5 mbali zonse. Tisanawononge pepala lonse tinasindikiza timizere ta masentimita 20 pa kukula kwenikweni, todulidwa pomwe pali msoko, pomwe pali thambo ndi pomwe pali mthunzi wakuda. Toyamba tinatuluka todera kwambiri. Chifukwa chake n'chodziwika: sikirini ya laputopu imawala yokha pomwe pepala limadalira kuwala kwa m'chipinda. Tatsitsa kuwala kwa sikirini mpaka tsamba loyera lifanane ndi pepala loyera loikidwa pambali pake, kenako takweza mithunzi pang'ono. Wosindikiza afunsidwe mtundu wa fayilo womwe makina ake amalandira. Adobe RGB ikawerengedwa ngati sRGB, zobiriwira zimazilala.

Kamzere ka Khwekhwerere kanaulula msoko womwe pa sikirini sunkaoneka, waya wamagetsi woduka ndi kusemphana. Wakonzedwa ndi masiki, potenga waya yense m'chidutswa chimodzi.

Ponyamula, chithunzi chikulungidwe momasuka ndi pepala lofewa mkati n'kulowa mu paipi ya pulasitiki ya mamilimita 110, yodulidwa masentimita 70, yotseka mbali zonse. Mu minibasi chimafika bwino. Galasi la mamilimita atatu la masentimita 160 ndi 60 limalemera makilogalamu 7, ndiye felemu ikufuna thabwa louma bwino, chogwirizira pakati kumbuyo, ndi misomali iwiri pakhoma. Chinyezi cha Dedza chimamata pepala ku galasi zikakhudzana, choncho pakhale katoni yochindikala m'mbali yosiyanitsa ziwirizi.

Disembala, sabata yoyamba

Mvula yagwa kawiri mwamphamvu ndipo mpweya wayeranso. Dzuwa tsopano likutuluka cha m'ma 5:05 pa madigiri 113, ndipo kuwala kwake koyamba kukugwera pa nkhope ya phiri yoyang'ana tauni, mwala uliwonse n'kukhala ndi mthunzi wake. Malo a sitandi asankhidwa ndipo khadi lalembedwa. Mawaya amagetsi awiri akudutsa m'munsi mwa chidutswa chachitatu ndi chachinayi. Ali pa mamita ngati 12, ndiye kamzere koyera ka pa kanjanji kayang'anidwe kawiri.

M'mawa utatu wapitawu nsonga inali mu mtambo mpaka 7 koloko, nthawi yomwe dzuwa lakwera kale madigiri opitirira 25 ndipo mithunzi yafupika. Lachinayi mtambo unang'ambika kwa mphindi zinayi ndipo gulu limodzi linajambulidwa, koma chidutswa chachisanu chili ndi dontho la mvula pa galasi. Sitandi iziima pofika 4:40 tsiku lililonse sabata ikubwerayi, ambulera ndi nsalu yopukutira zili m'chikwama. Zithunzi zisanu zija zipita kosindikiza Lolemba.